Ubwenzi wa pa Lamya Usakhale wa Nkhwangwa

Makolo athu adali ndi mwambi wakuti chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Munthu akafuna kusadza nthambi za mtengo, amakoleka nkhwangwa paphewa nakwera nayo mosamala ngati wabereka khanda. Koma ntchito ikatha amaiponya pansi, iye nkutsika yekha wopepukidwa. Ndi mwambi umenewu akuluakulu ankatiphunzitsa kusiyanitsa bwenzi lenileni ndi munthu wongotidyera masuku pamutu. Iwo sadaone lamya za m'manja, ndiponso sadamvepo za Facebook kapena WhatsApp, komabe funso limene adatisiyira likadali lomwe lija: kodi amene akutitcha bwenzi lero adzatsika nafe, kapena adzatiponya pansi?

Masiku ano bwalo lochezerapo lidasamuka. Kale nkhani zinkakambidwa kumphala, pamtondo, pachitsime ndi pabawo. Lero zambiri zikukambidwa pa masamba a mchezo a pa intaneti, kumene Facebook imalola munthu mmodzi kukhala ndi abwenzi mpaka 5,000. Pakati pa anthu amene amafunafuna ubwenzi kumeneko ndi mtima wonse, pali ena amene ambiri sakonda kuŵatchula: amuna amene mtima wao umakokera kwa amuna anzao, ndi akazi amene mtima wao umakokera kwa akazi anzao. Mwezi uno tifuna tilingalire za iwoŵa. Cholinga chathu si kuthetsa mtsutso wa malamulo kapena wa ukwati. Funso lathu ndi laling'ono koma lolemera: kodi ubwenzi umene anthu ameneŵa amaupeza pa lamya ndi ubwenzi woona? Nanga ife amene tili nao pa masamba omwewo, tili ndi ngongole yanji kwa iwo?

Chimene chimaŵapirikitsira ku lamya

Munthu sasiya nyumba yofunda nkukagona panja popanda chifukwa. Kuno ku Malaŵi, buku la malamulo a milandu limene tidalandira kwa atsamunda limapereka, m'ndime 153, chilango cha zaka mpaka 14 m'ndende pa kugonana kumene limakutcha kosemphana ndi chilengedwe. Ndipo mu 2011 mudaloŵa ndime ina yokhudza akazi, ya zaka mpaka 5. Ambiri tikukumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene adamangidwa ku Blantyre mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe. Mu Meyi 2010 khoti lidaŵagamula zaka 14, ndipo patapita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika adaŵakhululukira, pa nthaŵi imene mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, adali m'dziko muno. Mu Juni 2024 oweruza atatu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko adakana kufafaniza ndime 153 ija, nasiya nkhaniyo m'manja mwa Nyumba ya Malamulo.

Koma si lamulo lokha limene limatseka anthu pakamwa. Ofika kukhoti la boma ndi oŵerengeka. Ochuluka amaopa khoti la pakhomo. Chikhalidwe chathu chidakonza khomo logogoda pa vuto lililonse. Mnyamata akafuna banja amapita kwa amalume ake, mtsikana akatha msinkhu ali ndi anamkungwi, banja likagwedezeka ankhoswe alipo, matenda akavuta a kumphakati amabwera ndi nkhuni ndi mapemphero. Nanga wachinyamata amene wazindikira kuti mtima wake suyenda monga wa anzake, agogoda pa khomo la yani? Liwu lenilenilo limene ambiri amatchulira anthu otere, lakuti mathanyula, limatuluka m'kamwa pamodzi ndi malovu. Iye adalimva kusukulu, m'minibasi, mwinanso pa mphasa yodyera ya kwao. Tsono amaphunzira kukhala chete, kuseka pamodzi ndi oseka, ndi kuyankha kuti "posachedwapa" pamene azakhali afunsa za mpongozi.

Akuluakulu adati kali kokha nkanyama, ali aŵiri ndi anthu. Munthu atha kukhala yekhayekha m'nyumba yodzaza ndi abale, ngati palibe ndi mmodzi yemwe amene akumdziŵa monga aliri. Choncho usiku, onse atagona, iye amagula bandulo ya ndalama zochepa, nalemba pa lamya mau amene sadaŵanenepo ndi pakamwa. Ndipo wina, kaya ali ku Mzuzu, kaya ku Lusaka, kaya ku Johannesburg, amamuyankha kuti, "Suli wekha."

Moto wophika nsima ndi womwe utentha nyumba

Kuti tione mphamvu ya masamba ameneŵa, tiyeni tiyang'ane ku America, kumene zambiri mwa zipangizozi zidachokera. M'sabata imodzi ya Sepitembala 2010 kudachitika zinthu ziŵiri. Mnyamata wa zaka 18, Tyler Clementi, wophunzira pa yunivesite ya Rutgers, adadzipha patangopita masiku ochepa mnzake wogona naye chipinda chimodzi atamsuzumira ndi kamera ya pa kompyuta ali ndi mwamuna wina, nalengeza nkhaniyo pa Twitter. M'sabata yomweyo mlembi wina, Dan Savage, ndi mnzake Terry Miller, adaika pa YouTube kanema wamfupi wolankhula kwa achinyamata ozunzidwa m'sukulu, kuŵapempha kuti apirire asadzichotsere moyo, popeza masiku abwino ali kutsogolo. Ntchito imeneyo, imene adaitcha It Gets Better, idakopa anthu zikwizikwi kuti nawonso ajambule mau olimbikitsa, mpaka Barack Obama amene adali pulezidenti wa dzikolo pa nthaŵiyo. Chipangizo chimodzi chidachititsa wina manyazi a imfa, ndipo chomwecho chidagwira ena dzanja.

Kukanidwa si nkhani ya maseŵera. Mu 2009 Caitlin Ryan ndi anzake adafalitsa zimene adapeza pofunsa achinyamata otere ku California. Amene adakanidwa kwambiri ndi mabanja ao adapezeka kuti adayesapo kudzipha mochuluka kupitirira ka 8 poyerekeza ndi amene mabanja ao sadaŵakane, kapena adaŵakana pang'ono chabe. Kafukufukuyo ngwa dziko lakutali, koma mtima wa mwana wokanidwa ndi mai ake suli ndi dziko.

Nchifukwa chake sitiyenera kunyoza chitonthozo chimene anthu ameneŵa amachipeza pa lamya. Amene ali ndi mjigo pakhomo asaseke wotunga m'dambo. Uthenga umodzi wofika pakati pa usiku utha kumsunga munthu kufikira kutacha, ndipo kumeneko nkupulumutsa moyo. Koma tikavomera zimenezi, tiyeneranso kufunsa ngati madzi onse a m'dambomo ali akumwa.

Muyeso wa ubwenzi

Zaka zoposa 300 Ambuye Yezu asanabadwe, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, Aristotle, adagaŵa ubwenzi patatu. Pali ubwenzi wa phindu, umene umatha phindulo likatha; pali wa chisangalalo, umene umazilala kukoma kukachepa; ndipo pali ubwenzi wa anthu ofunirana zabwino chifukwa cha mnzaoyo mwini wake. Iye adaona kuti wachitatuwu ndi wosoŵa, ndipo umafuna nthaŵi, pakuti anthu sadziŵana asanadyere limodzi mchere wambiri. Patapita zaka mazana ambiri, Aelred woyera, mkulu wa amonke a ku Rievaulx ku England amene adamwalira mu 1167, adalemba kabuku ka ubwenzi wauzimu. Iye adalangiza kuti bwenzi liyesedwe pa zinthu zinai: kukhulupirika, cholinga, kuchenjera posunga ndi ponena zinthu, ndi kupirira.

Tikatenga muyeso umenewu nkupita nawo pa masamba a mchezo, tipeza kuti zambiri zimene zimatchedwa ubwenzi kumeneko nzopepuka. Mu 2016 Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford adafunsa anthu a ku Britain za abwenzi ao a pa Facebook. Ambiri adali ndi abwenzi pafupifupi 150, koma amene akadaŵadalira pa tsoka lenileni adali ngati 4 okha. Mu Juni 2015, khoti lalikulu la ku America litalola maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, anthu okwana 26 miliyoni adakuta zithunzi zao za pa Facebook ndi mitundu ya utawaleza m'masiku ochepa chabe. Sitikunena kuti onsewo adali achinyengo. Kwa wachinyamata wamantha, kuona mphunzitsi wake kapena mlongo wake atachita zimenezo kudali ngati kuona nyali pa zenera. Koma chizindikiro chimalemera molingana ndi mtengo wake. Kudina kachala pa lamya sikudya nkomwe mphindi imodzi, ndipo kumene aliyense akuchita chimodzimodzi, sikufuna kulimba mtima.

Apa mpamene mwambi wa nkhwangwa umaluma. Alipo anthu amene amanyamula anzao ameneŵa paphewa pokwera: pofuna kuoneka otsogola, pofuna malonda, pofuna kukometsa dzina pamaso pa opereka chithandizo a kunja. Mphepo ikatembenuka, mau aja amafufutidwa, chithunzi chija chimasinthidwa, ndipo munthu amene adaŵakhulupirira amatsala yekha pamtunda, dzina lake litadziŵika kale. Wolimbikitsa mnzake kuti adziulule poyera, iye ali pabwino kutali, ayambe wadzifunsa ngati adzakhalepo tsiku limene eni nyumba adzamtulutsire katundu panja.

Ngongole yoyamba ndi kusunga chinsinsi

Pali choopsa china choposa ubwenzi wopepuka, ndicho ubwenzi wa msampha. Mu Febuluwale 2023 bungwe la Human Rights Watch lidafalitsa lipoti lonena za maiko asanu, Egypt, Iraq, Jordan, Lebanon ndi Tunisia, losonyeza m'mene achitetezo ndi anthu wamba amadzisandutsira abwenzi pa masamba a mchezo kuti akole amuna ndi akazi otere, kenaka nkuŵamanga, kuŵamenya kapena kuŵalanda ndalama poŵaopseza kuti aŵaulula. Pafupi ndi kwathu kuno, ku Uganda, nyuzipepala ina yotchedwa Rolling Stone idasindikiza mu Okutobala 2010 maina ndi zithunzi za anthu amene idati ngotere, pamodzi ndi mau oitanira anthu kuti aŵapachike. Mmodzi mwa iwo, David Kato, adaisumira nyuzipepalayo napambana, koma mu Januwale 2011, patangopita masabata ochepa, adaphedwa m'nyumba mwake.

Chimene tiyenera kuzindikira nchakuti ntchito imene mu 2010 inkafuna makina osindikizira, lero ikuchitika ndi chala chimodzi. Munthu amajambula uthenga umene mnzake adamlembera mwachinsinsi, nkuuponya m'gulu la WhatsApp la anzake a kusukulu. Pofika madzulo wafika m'gulu la kuntchito, la kumudzi, la kwaya. Aliyense woutumiza patsogolo amadziuza kuti sadayambitse ndiye. Koma madzi akatayika saoleka. Ntchito itha kutha, sukulu itha kulekeka, anyamata a m'dera atha kumdikira panjira, ndipo mai ake adzamva nkhani ya mwana wao kwa anthu a pachigayo.

Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 loletsa kuzunza ndi kuvutitsa ena kudzera pa makompyuta ndi lamya. Koma chikumbumtima chidatsogola kale lamulo lisanabwere. Pa katekisimu tidaphunzira kuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu sililetsa bodza lokha ai. Limaletsanso kuulula zobisika za mnzathu kwa osazidziŵa popanda chifukwa chokwanira, ngakhale zikhale zoona. Mau akuti "komatu nzoona" satsuka miseche. Aelred uja adaŵerengera kuulula chinsinsi pakati pa zilonda zimene zimapha ubwenzi kotheratu. Tsono ngati munthu watiululira za mumtima mwake, watipatsa mpeni nkutionetsa khosi lake. Tisanakambe zoti tikugwirizana naye kapena ai, ngongole yathu yoyamba ndi kubweza mpeniwo m'chimake.

Kodi mkhristu angakhale bwenzi lotere?

Tafika pa mfundo imene ikuvuta ambiri mwa aŵerengi athu. Wina adzati: "Ndikamlankhula mokoma munthu wotere, ndikamteteza pagulu, kodi sindiye kuti ndavomereza zimene Eklezia amakana?"

Tinene zoona zonse, osabisa mbali ina. Eklezia Katolika amaphunzitsa kuti kugonana malo ake ndi mu ukwati wa mwamuna ndi mkazi, ndipo savomereza kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Mu Julaye 2023 atsogoleri a mipingo yosiyanasiyana adatsogolera maulendo a pamseu m'mizinda yathu okana maukwati otere, ndipo mu Disembala chaka chomwecho maepiskopi a ku Malaŵi adalamula kuti m'dziko muno musachitike madalitso a anthu aŵiri okhalira limodzi motere. Zimenezi nzodziŵika kwa aliyense. Koma chiphunzitso chomwecho chili ndi mbali ina imene simveka kaŵirikaŵiri. Kalata ya ku Roma ya mu 1986, imene adasaina Kadinala Joseph Ratzinger, idati nkhanza za pakamwa kapena za manja zochitira anthu ameneŵa nzomvetsa chisoni, ndipo abusa a Eklezia ayenera kuzidzudzula paliponse pamene zichitika. Katekisimu wa mu 1992, pa nambala 2358, amalamula kuti alandiridwe mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, ndi kuti tsankho lililonse losalungama lipewedwe. Ndipo pa nambala yotsatira, potchula zimene zingaŵathandize pa ulendo wao wa chikhristu, amatchulapo ubwenzi wosafuna phindu. Ubwenzi umene ena amauwopa ngati tchimo, Katekisimu amauŵerengera pamodzi ndi mapemphero ndi masakramenti.

Papa Francis, amene adamwalira mu Epulo 2025, adabwereza zimenezi kangapo. Mu Julaye 2013, pochokera ku Rio de Janeiro, adafunsa kuti iye ndani kuti aweruze munthu wotere amene akufunafuna Ambuye ndi mtima wabwino. Mu Ogasiti 2018 adauza makolo kuti asapirikitse mwana wotere pabanja, koma akambirane naye. Mu Januwale 2023 adanena kuti kukhala wotere si mlandu, ndipo mwezi wotsatira, pochokera ku South Sudan pamodzi ndi Justin Welby wa mpingo wa Anglican ndi Iain Greenshields wa Church of Scotland, onse atatu adatsutsa malamulo olanga anthu chifukwa cha chimenechi. Papa sadasinthe chiphunzitso cha ukwati. Adangokumbutsa kuti chiphunzitso si chibonga.

Ndipotu chikhalidwe chathu chimadziŵa kale kusiyanitsa kuyanjana ndi kuvomereza. Pamaliro sitifunsa chipani cha malemu kapena chiŵerengero cha zolakwa zake. Mpingo utha kukana kuimba, koma mudzi sukana kukumba manda. Adzukulu amabwera ndi makasu, amai amabwera ndi ufa. Ngati timadziŵa kuchitira wakufa ulemu wotere, nanga wamoyo timmana chifukwa chiyani? M'mabanja mwathu muli a mitala, osiya mpingo, a zipembedzo zina, ndipo timadya nao mbale imodzi popanda wina kuganiza kuti tasiya chikhulupiriro chathu. Ambuye Yezu nawonso ankanenedwa chifukwa cha anthu amene ankadya nao. Pa nkhani ya Zakeyo, adayamba ndi kumtchula dzina ndi kukaloŵa m'nyumba mwake. Zina zonse zidabwera pambuyo, ndipo zidachokera mumtima mwa Zakeyo mwini.

Koma pali funso lina, lochokera tsidya linalo, limene tiyenera kulimva mofatsa. Mnzathuyo atha kutifunsa kuti: "Ndi bwenzi lotani limene limati limandikonda, koma chikondi chimene chili mumtima mwanga limachiyesa cholakwa?" Funso limeneli nloŵaŵa, ndipo tisalipake mafuta. Kusiyana maganizo pa za mpira kapena za ndale nkopepuka. Apa tikusiyana pa chinthu chimene mnzathu amachimva ngati mbali ya iye mwini. Maubwenzi ena amasweka pamenepa, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha amene angamtsekulire mtima wake. Chimene tinganene nchakuti ubwenzi sudikira kuti mtsutso uthe. Ukadamadikira, bwenzi padziko pano palibe abwenzi. Mkhristu sayenera kunama za chimene amakhulupirira akafunsidwa. Koma sayeneranso kusandutsa moni aliyense kukhala ulaliki. Mnzakeyo ulalikiwo adaumva kale kosaŵerengeka. Chimene mwina sadachionepo ndi munthu wopemphera amene amamfunsa m'mene wadzukira, namvetsera yankho lake mpaka kumapeto.

Tichenjerenso ndi ubwenzi wa nyambo, woyandikira munthu ndi cholinga chimodzi chokha chakuti timsinthe, kotero kuti akapanda kusintha timamtaya. Umenewonso ndi wa nkhwangwa, ngakhale uvale zoyera. Ubwenzi wosafuna phindu sufuna ngakhale phindu lodzitamandira kuti tatembenuza munthu. Umamfunira zabwino, umampempherera, umasiya chiweruzo kwa Mwini mitima, ndipo umavomera kuti nawonso utha kuphunzira kanthu kwa iye: kupirira, kukhulupirika, mwinanso chikhulupiriro chimene chidakana kuzima ngakhale chidathiridwa madzi kambirimbiri.

Kuchokera pa lamya kufika pakhomo

Nanga tichite chiyani? Zofunika si zazikulu, koma zili ndi mtengo wake.

Choyamba, tikumbukire kuti m'gulu lililonse la anthu ambiri pa WhatsApp mutha kukhala wina amene nkhaniyi ikumkhudza, kaya iye mwini, kaya mwana wake, kaya mbale wake. Iye salemba kanthu; amangoŵerenga. Nthabwala iliyonse yonyoza, mau aliwonse akuti otere ngoyenera kuotchedwa, amaŵaŵerenga ngati kalata yolembera iye, ndipo amaona bwino lomwe amene aseka ndi amene akhala chete. Munthu mmodzi akangolemba kuti, "Abale, uyu ndi munthu, tisatero," ena adzamnena, mwinanso adzamkayikira. Umenewo ndiwo mtengo wake. Koma woŵerenga mwakachetechete uja adzadziŵa kuti pali khomo limodzi limene angagogode.

Chachiŵiri, chithunzi kapena uthenga woulula munthu ukafika pa lamya yathu, uthere pomwepo. Tisautumize, ngakhale kwa mkazi wathu kapena kwa mnzathu wapamtima, ngakhale ndi mau akuti "timpempherere". Ndipo ngati tikumdziŵa wonenedwayo, timlembere payekha, osati kumfunsa ngati nzoona, koma kumfunsa ngati ali pabwino ndi ngati ali ndi kogona.

Chachitatu, ubwenzi wa pa lamya umere miyendo. Lamya itha kutonthoza, koma siyinyamula phala kupita nalo kuchipatala, siyikhala pa benchi la kupolisi kudikira belo, siyigona pa siwa. Abwenzi 4 aja a Dunbar amadziŵika ndi fumbi la kumapazi kwao. Ngati wachinyamata atiuza kuti watopa ndi moyo, tisamyankhe ndi kachithunzi ka manja opemphera chabe. Timuimbire, tipite, tikhale naye, ndipo timperekeze kwa achipatala kapena kwa mlangizi wodziŵa kusunga chinsinsi.

Chachinai chikupita kwa makolo. Tsiku lina mutha kumva, kaya kwa mwana wanu mwini, kaya kwa anthu, nkhani imene simudaiyembekeze. Mudzamva chisoni, mantha, mwinanso manyazi, ndipo palibe amene angakuletseni kulira. Koma mau amene mudzanene m'mphindi zoyamba zija mwana wanu adzaŵasunga moyo wake wonse. Chibale ndi fupa, sichiola. Amene mudambereka kumsana, mudamtengera ku ubatizo, mudamlipirira sukulu pogulitsa mbuzi, ndi yemweyo waima patsogolo panu. Mafunso onse ovuta mutha kuŵakambirana kwa zaka zambiri, malinga iye akhale ndi moyo ndipo akhale pakhomo. Mukampirikitsa, simudathetse kanthu. Mwangompereka m'manja mwa aliyense amene angamuyankhe pa lamya usiku umenewo, wabwino kapena wotchera msampha.

Tsono funso lathu lija tiliyankhe motere. Ubwenzi wa pa lamya utha kukhala woona, ndipo kwa ena ndiwo udaŵasunga amoyo. Koma umayesedwa ndi muyeso womwe uja wakale, wa kusunga chinsinsi, wa kusafuna phindu, ndi wa kukhalapo zinthu zikavuta. Ndipo kuchuluka kwa abale athu amene akufunafuna chifundo kwa alendo osaŵaona nkhope kukutifunsa ife funso lina: m'mabanja mwathu, m'miphakati mwathu ndi m'magulu athu ochezera, kodi alipo munthu mmodzi amene iwo angamuuze zoona popanda kuopa? Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Palibe mmodzi wa ife amene alibe chinthu chimene amaopa kuti anthu angachidziŵe, ndipo tonse tidzafuna tsiku lina munthu wotidziŵa bwino lomwe koma osatitaya. Tiyeni tiyambe ndife kukhala munthu woteroyo kwa amene akumsoŵa lero.